Disiki itafa, amayi a banki mkhonde anatsala pang'ono kundidya wamoyo

Abale anzanga a pamsika, akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ndiye lero ndati ndisabise mawu. Ndikuuzeni zomwe zinandionekera ine mwini, mwina wina mwa inu n'kupulumukirapo.

Ine ndili ndi kashopu kumbuyo kwa msika, kufupi ndi mzere wa ogulitsa mbale ndi mapoto. Ntchito yanga ndi fotokope, kutayipa makalata, kutsuka zithunzi ndi kusindikiza makadi a ukwati ndi a chinkhoswe. Pamwamba pa izo amalonda ena amandipatsa kaganyu kowasungira mabuku awo m'kompyuta. Wa hadiweya ndimamulembera katundu amene walowa ndi amene watuluka. Wa kaunjika ndimamulembera mabelo amene watsegula ndi maina a omwe atenga zovala pangongole. Ndiye panalinso gulu lina la amayi a banki mkhonde lomwe linandisankha kukhala mlembi wawo wa pakompyuta. Sabata ndi sabata msungichuma wawo ankabwera ndi kapepala, ine n'kumalowetsa: uyu waponya masheya mwakuti, uyu wakongola mwakuti, uyu wabweza, uyu walipira chindapusa chifukwa chochedwa.

Poyamba amayiwo anali ndi kope lawo lalikulu. Koma ine ndi kuchenjera kwangaku ndinawauza kuti, “Amayi, za makope ndi zachikale izi. Kompyuta siiwala.” Kope lija analisiya m'kabati. Pakamwa pangapa ndi pomwe panandipachika.

Tsiku la tsoka

Linali Loweruka m'mwezi wa Novembala, kutatsala milungu itatu kuti amayiwo agawane ndalama zawo za chaka chonse. Dzulo lake magetsi anali atathima mwadzidzidzi ndili mkati mogwira ntchito. M'mawa nditafika ndinayatsa kompyuta ngati masiku onse. M'malo moyaka inayamba kulira m'kati: kete, kete, kete. Ndinazimitsa, n'kuyatsanso. Kete, kete, kete. Thukuta linayamba kutsika ngakhale kunali kusanatenthe.

Ndinathamanga kukaitana mnyamata wina wokonza makompyuta. Anatsegula, n'kuika khutu, kenaka anandiyang'ana ngati munthu wobwera ndi uthenga wa maliro.

“Akulu, disiki yapita iyi.”

“Yapita kuti, mphwanga?”

“Yafa. Kodi zinthu zanuzi munazisunganso pena?”

Ndinangoti kukamwa yasa. Pena pake pati? Zonse zinali mmenemo: mabuku a wa hadiweya, ngongole za wa kaunjika, zithunzi za maukwati awiri zomwe eni ake anali asanatenge, ndi masheya onse a amayi aja kuyambira Januwale.

Nkhani yapamsika siichedwa. Pofika masana amayi anali atadzaza pakhomo la shopu, ena ana ali kumbuyo, ena atamanga zitenje m'chiuno. Wapampando wawo anayankhula mosakweza mawu, koma mawu ake anali olasa: “Achimwene, ife za disiki sitikuzidziwa. Ife tikudziwa ndalama zathu.” Wina kumbuyo anakuwa kuti ndagwirizana ndi omwe ali ndi ngongole zikuluzikulu kuti tifufute umboni. Wina amene ndinkadziwa bwino lomwe kuti anakongola kawiri anayamba kulumbira kuti iye anakongola kamodzi kokha. Gulu lomwe linayenda bwino zaka zingapo linatsala pang'ono kupasuka pakhomo panga, ndipo dzina langa linali litada bii.

Anandipulumutsa ndi agogo ena ogulitsa nyemba, omwe sanakhulupirireko kompyuta chiyambire. Iwo ankalemba mwakachetechete m'kakope ka ana a sukulu zonse zomwe zinkanenedwa pamsonkhano. Tinakhala masiku asanu ndi limodzi tikuphatikiza kakope ka agogowo, timapepala ta msungichuma tomwe tinapezeka, ndi mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba omwe anatsala m'mafoni mwa anthu. Pomwe masamu anakana kugwirizana ndinadula m'thumba mwanga. Zithunzi za maukwati zija sizinapezekenso. Mkwatibwi mmodzi mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali.

Potsanzika agogo aja anangoti, “Mwananga, chimanga sasunga m'nkhokwe imodzi.” Mawu amenewa ndi omwe ananditengera ku chinthu chomwe ndikufuna ndikufotokozereni lero.

Disiki iliyonse ili ndi tsiku lake

Choyamba tidziwe chomwe chinafacho. M'kati mwa kompyuta muli kabokosi kachitsulo kotchedwa hadi disiki. M'menemo muli timbale tosalala tomwe timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake pamayandama kamutu kowerenga ndi kulemba, kosakhudza mbale ngakhale pang'ono. Mpata wa pakati pake ndi waung'ono kuposa tsitsi la munthu kutalitali. Kagwedezeni kali pantchito, kagwetseni, kapena kangokalamba, kamutu kaja kakakhudza mbale basi kwatha. Kete kete uja ndi kulira kwa kamutu kosowa polowera.

Chipangizo chimenechi si chalero. Kampani ya IBM ya ku America inatulutsa hadi disiki yoyamba mu 1956. Inali yaikulu ngati mafiriji awiri, ya mbale 50, koma inkasunga zilembo 5 miliyoni zokha, zomwe lero ndi ngati chithunzi chimodzi cha pafoni. Masiku ano disiki ya 4TB yokwana m'dzanja itha kusunga zithunzi zotere pafupifupi miliyoni imodzi. Zinthu zapita patsogolo, inde, koma chimodzi sichinasinthe: disiki iliyonse imafa. Ngakhale zamakono zija zotchedwa SSD, zopanda mbale zozungulira, nazo zimafa, ndipo izo zimangofa osalira n'komwe. Fulashi ndi memori khadi ndiye musachite kunena.

NAS ndi chiyani?

Mnyamata wokonza makompyuta uja ndi amene anandiuza koyamba za NAS. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Network Attached Storage. M'chinenero chathu tingoti ndi nkhokwe ya mafayilo yomwe makompyuta ndi mafoni onse a panyumba kapena a pashopu amatapamo ndi kuthiramo.

Maonekedwe ake ndi kabokosi kotalika ngati buledi woimika, kopanda sikirini, kopanda kiyibodi. Kutsogolo kuli timakomo momwe mumalowetsa mahadi disiki, ena awiri, ena anayi, ena kuposa apo. Kumbuyo kuli waya wa magetsi ndi waya wina wopita ku rauta, kabokosi kaja kamene kamagawa Wi-Fi. Mukalumikiza, kompyuta iliyonse yomwe ili pa rauta imeneyo imaona bokosilo ngati foda wamba. Kunena zoona NAS ndi kakompyuta pakokha, kali ndi ubongo wake ndi pulogalamu yake, koma ntchito yake ndi imodzi: kusunga ndi kugawa. Mukafuna kuisintha zina ndi zina mumalowa kudzera pa kompyuta kapena pafoni.

Kusiyana kwake ndi disiki yoyenda nayo ija ya waya wa USB ndi kotere. Ya USB imatumikira kompyuta imodzi pa nthawi imodzi, imayenda m'matumba, imagwa, imabwerekedwa, imabwerako ndi mavairasi. NAS imakhala pamalo amodzi ngati nkhokwe, ndipo anthu angapo amaigwiritsa ntchito nthawi imodzi. Pashopu panga pano mtsikana wotayipa akamaliza kalata amaisunga m'bokosimo, ine n'kuitsegula pa kompyuta ya pulinta osadzuka pampando. Za “tabwereke fulashi” zinatha.

Funso lomwe aliyense amandifunsa ndi lakuti, nanga bandulo? Ayi, abale. Mukakhala pashopu pomwepo mafayilo amayenda pa waya ndi pa Wi-Fi yanu yomwe, osatuluka kunja, ndiye sadya bandulo ngakhale ya tambala. Pa waya wabwino wa gigabit fayilo ya 1GB imawoloka m'masekondi khumi kapena kuposerapo pang'ono. Bandulo imafunika pokhapokha mukafuna kutsegula mafayilo muli kutali, kapena pokonzanso pulogalamu ya bokosilo.

Chinanso chomwe chinandisangalatsa n'chakuti munthu aliyense mumamupatsa dzina lake ndi pasiwedi yake. Wa hadiweya sangaone mabuku a wa kaunjika. Mtsikana wotayipa sangatsegule foda ya amayi a banki mkhonde. Mutha kuikanso kuti kompyuta iliyonse izikopera yokha mafayilo ake m'bokosimo madzulo aliwonse, ndi kuti foni ikangofika pa Wi-Fi ya pashopu izitsitsiramo zithunzi zake. Munthu amaiwala, makina saiwala nthawi yomwe mwawauza.

Mayina omwe mudzakumane nawo kwambiri ndi Synology ndi QNAP, makampani a ku Taiwan, woyambayo anayamba mu 2000 ndipo winayo mu 2004. Aliponso ena monga Asustor ndi TerraMaster. Ine sindikutsatsira aliyense malonda. Palibe wandipatsa kanthu.

Madisiki awiri, nkhani imodzi

Mtima wa nkhaniyi uli apa. M'bokosi la makomo awiri mutha kuuza makinawo kuti chilichonse cholembedwa pa disiki yoyamba chizilembedwanso pa yachiwiri nthawi yomweyo. Akatswiri amati RAID 1. Dzina la RAID linatchuka ndi akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz, omwe analemba za njirayi mu 1988. Ganizo lawo linali losavuta: m'malo modalira disiki imodzi yodula, phatikizani zingapo zotchipa kuti zizithandizana.

Inu amalonda mukuidziwa kale nzeru imeneyi. Ndi chimodzimodzi buku la malisiti lokhala ndi kaboni: mukalemba pamwamba, pansi palembekanso. Disiki imodzi ikafa bokosi limalira, kagetsi kake n'kusintha mtundu, koma ntchito imapitirira pa inzake. Mumagula ina, n'kuilowetsa, makinawo n'kukopera okha zonse. Kukoperako kumatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu, ndipo nthawi imeneyo musaligwedeze.

Koma dziwani kuti kaboni ali ndi mtengo wake. Mukagula madisiki awiri a 4TB iliyonse, malo anu osungira ndi 4TB basi, osati 8TB. Ndipo kompyuta idzakuonetsani ngati 3.6TB. Musathamangire kukatukwana wogulitsa, sanakubereni. Opanga madisiki ndi makompyuta amawerenga mosiyana, monga momwe ndowa ya wogula ndi ya wogulitsa zimasiyanirana pamsika wa chimanga.

Tsono apa tcherani khutu, chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. RAID imakutetezani ku chinthu chimodzi chokha: kufa kwa disiki imodzi. Mukafufuta fayilo molakwitsa, yafufutika pa madisiki onse awiri. Vairasi ikawononga fayilo, yawonongeka ponse pawiri. Mbala ikathyola shopu imanyamula bokosi lonse. Mphenzi ikalowa pa waya imaotcha zonse. Moto ukabuka pamsika, ndipo tonse tikudziwa momwe misika yathu imapsera usiku, sufunsa kuti iyi ndi disiki yoyamba kapena yachiwiri. Madisiki awiri m'bokosi limodzi ndi matumba awiri m'nkhokwe imodzi.

Pa nkhani ya kufufuta molakwitsa chithandizo chilipo. Mabokosi ambiri ali ndi bini yomwe imasunga zofufutidwa kwa masiku angapo, ndipo ena amatha kujambula momwe mafayilo analili dzulo kapena sabata yatha kuti mubwerere pomwepo. Koma zimenezi muyenera kuzitsegula nokha tsiku loyamba. Ambiri amazikumbuka madzi atafika m'khosi.

Mbala zosathyola chitseko

Ogulitsa adzakukopani kuti ndi NAS mutha kuona mafayilo anu muli ku Kariakoo kapena ku Johannesburg kooda katundu. N'zoona, zimatheka. Koma khomo lomwe mwatsegulira inu nokha ndi lomwenso mbala za pa intaneti zimayesa usiku ndi usana.

Mu Juni 2021 anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana omwe anali ndi mabokosi a My Book Live a kampani ya Western Digital anadzuka n'kupeza mafayilo awo onse atafufutidwa ndi anthu omwe analowa kudzera pa intaneti. Mabokosi amenewo anali akale, pulogalamu yake inakonzedwa komaliza mu 2015. Kampaniyo inachita kulangiza eni ake kuti awazule pa intaneti. Mu Januwale 2022 gulu lina la akamberembere linagwira mabokosi a QNAP ndi pulogalamu yoipa yotchedwa DeadBolt. Iyi sinkafufuta, koma inkakhoma mafayilo onse ndi loko wake, kenaka n'kulamula mwini wake kuti alipire 0.03 ya bitcoin, yomwe nthawi imeneyo inali yoposa madola 1,000 a ku America, kuti amupatse kiyi. Taganizani, katundu ndi wanu, nkhokwe ndi yanu, koma mukulipira kuti mulowemo!

Musanene kuti ine ndi wamng'ono, andifuna ndani. Mbala zimenezi sizisankha nkhope. Makina awo amangoyenda pa intaneti kugogoda khomo lililonse, lomwe latseguka n'kulowa. Ndiye malangizo anga ndi awa. Ngati mulibe chifukwa chenicheni chotsegulira mafayilo muli kutali, musalitsegulire bokosilo khomo la kunja. Dzina lija la “admin” lomwe limabwera ndi makina lizimitseni, mupange lanu. Pasiwedi isakhale 1234, dzina la mwana wanu kapena la timu yomwe mumasapota, chifukwa msika wonse ukudziwa kuti ndinu a Bullets kapena a Manoma. Bokosi likanena kuti kwabwera pulogalamu yatsopano, gulani bandulo muikemo. Ndipo bokosi lakale lomwe kampani yake inasiya kulisamalira, ngakhale akugulitseni motchipa bwanji, lisayandikire intaneti.

Kumbukiraninso kuti m'menemo muli zinsinsi za anthu: maina, manambala a foni, ngongole, makope a ziphaso. Zikatuluka, wonyozeka ndinu.

Magetsi, fumbi ndi mphemvu

Kwathu kuno mdani wamkulu wa NAS ndi kuthimathima kwa magetsi. Magetsi akathima makina ali mkati molemba, fayilo imatha kuwonongeka, ndipo zikachitika kawirikawiri disiki imene imafooka. Choncho musagule NAS musanagule UPS, kabokosi ka batire kaja kamene kamagwiriziza magetsi kwa mphindi zingapo. Sankhani UPS yokhala ndi waya wa USB wopita ku NAS. Magetsi akathima, UPS imauza bokosilo, ilo n'kumaliza zomwe limalemba n'kudzizimitsa lokha mwaulemu ngakhale inu muli ku nyumba. Rauta nayo muilumikize pa UPS yomweyo. Batire ya UPS imatha mphamvu pakapita zaka zochepa, ndiye muziiyesa.

Kudya magetsi si nkhani yodetsa nkhawa. Bokosi la madisiki awiri limadya mawati pafupifupi 20 likamagwira ntchito. Mukalisiya loyaka usana ndi usiku ndiye ngati theka la yuniti patsiku, mayunitsi 15 pamwezi. Mutha kuliuzanso nthawi yogona ndi yodzuka kuti lidye ochepa.

Nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, zulani mapulagi. Bokosi likhale pamwamba, pa shelefu yolimba, osati pansi pomwe pamafika madzi ndi tsache. Lisakhale padzuwa kapena pansi penipeni pa malata otentha, ndipo kumbuyo kwake kukhale mpata woti kafani kake kazipuma. Fumbi la mu Okutobala muzilipukuta. Mphemvu zimakonda malo ofunda, ndiye musadyere mandasi pamwamba pake.

Pogula musapupulume

Sindikunamizani, chinthuchi si chotchipa. Chimachokera kunja, chimagulidwa ndi madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tikudziwa momwe katundu wa kunja akupwetekera. Komanso mabokosi ambiri amagulitsidwa opanda kanthu m'kati. Mukamva mtengo, funsani kuti, “Ndi madisiki omwe?” Powerengera ndalama ikani zinayi: bokosi, madisiki awiri, UPS ndi waya. Ine ndinasonkha miyezi isanu, ndipo langa ndinachita kutumiza alamu anga omwe amapita ku Joni.

Madisiki ake akhale opangidwira ntchito imeneyi, yoyaka usana ndi usiku. Odziwika ndi WD Red, omwe anayamba kutuluka mu 2012, ndi IronWolf a kampani ya Seagate. Koma apanso pali kamsampha. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red ankalemba mwa njira yotchedwa SMR, yosanjikiza mizere ngati matailosi a padenga, yomwe imachedwa kwambiri bokosi likamakopera zonse pa disiki yatsopano. Anthu atadandaula kampaniyo inatulutsa dzina la Red Plus la madisiki olemba mwa njira yakale ya CMR. Ndiye pogula funsani za CMR. Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, pitani kwina. Safunsa anadya phula.

Madisiki ogwiritsidwapo kale ntchito ali mbwee, ndipo ena amapukutidwa bwino n'kuikidwa m'pepala ngati atsopano. Disiki iliyonse imasunga mbiri yake, maola omwe yagwira ntchito ndi zilema zomwe yapeza. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa zimenezi. Uzani wogulitsa ailumikize muone ndi maso anu. Akamberembere ena amatha kufufuta mbiriyo, ndiye lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa musazisiye. Fulashi zotchipa modabwitsa zolembedwa 1TB kapena 2TB nazo muzisamale. Zambiri ndi zabodza: zimaonetsa malo ambiri koma m'kati ndi zazing'ono, ndipo zikadzaza zimayamba kudya mafayilo akale mwakachetechete.

Kwa amene thumba lafupika njira ina ilipo. Kompyuta yakale yomwe ili pakona itha kusanduka NAS mukaikamo madisiki ndi pulogalamu yaulere monga TrueNAS kapena OpenMediaVault. Kungoti imadya magetsi ambiri kuposa kabokosi kaja, ndipo pamafunika munthu wodziwa woti aikonze. Marauta ena ali ndi pobayira USB pomwe mutha kulumikiza disiki wamba kuti onse aziiona. Imachedwa, ilibe kaboni, koma ndi poyambira.

Kodi aliyense agule?

Ayi. Mayi wogulitsa tomato amene malonda ake onse ali m'mutu ndi pafoni imodzi asataye mpamba wake pa NAS. Chinthuchi n'choyenera amene ali ndi makompyuta awiri kapena kuposa, kapena amene mafayilo ndiwo katundu wake: ojambula zithunzi ndi mavidiyo a maukwati, a fotokope ndi zosindikiza, a hadiweya ndi mahawukala akuluakulu okhala ndi nthambi, masukulu ang'onoang'ono, ndi ife osunga mabuku a anthu ena.

Koma lamulo lomwe ndikuuzeni tsopanoli ndi la aliyense, wa NAS ndi wopanda NAS yemwe. Akatswiri amalitcha 3-2-1. Chinthu chilichonse chofunika chikhale m'makope atatu. Makopewo akhale pa zipangizo za mitundu iwiri yosiyana. Ndipo kope limodzi likhale kutali ndi enawo.

Kwa ine zikuyenda chonchi. Kope loyamba lili m'kompyuta yomwe ndimagwirira ntchito. Lachiwiri lili mu NAS, ndipo limalowamo lokha madzulo aliwonse. Lachitatu lili pa disiki ya USB yomwe ndimailumikiza Lachisanu lililonse, ikamaliza n'kuizula n'kupita nayo ku nyumba. Kuizula n'kofunika, chifukwa disiki yomwe ili m'kabati palibe mbala ya pa intaneti kapena mphenzi yomwe ingaifikire. Mabuku a ndalama, popeza ndi timafayilo ting'onoting'ono, ndimawatumizanso ku Google Drive, komwe munthu aliyense wa akaunti ya Google amapatsidwa 15GB yaulere. Amene tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023 ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera tikudziwa kuti nyumba ndi shopu zitha kupita tsiku limodzi. Kutali kuzikhala kutali ndithu.

Kwa inu a foni yokha, 3-2-1 wanu ndi uyu: kope la pepala lolembamo ngongole, chithunzi cha tsamba lililonse chojambulidwa pafoni kumapeto kwa sabata, ndi zithunzizo kuzitumiza ku akaunti yanu ya pa intaneti kapena kwa m'bale wodalirika wokhala dera lina. Foni ikabedwa m'minibasi, ngongole zanu zisabedwere limodzi.

Chomaliza, muziyesa. Kamodzi pamwezi tsegulani fayilo imodzi kuchokera ku kope lachiwiri ndi lachitatu muone ngati ikutseguka. Alipo anthu omwe akhala chaka chathunthu akukhulupirira kuti makina akukopera, tsiku la tsoka n'kupeza foda ili mbee. Nkhokwe yosasuzumiramo anankafumbwe amamaliza.

Mwezi wathawu, m'mawa wina, ndinamva kulira kwachilendo pa shelefu. Mtima unagunda, ndinakumbuka kete kete uja. Nditayang'ana ndinapeza kagetsi ka disiki yachiwiri kasintha mtundu. Ndinatsegula foda ya amayi a banki mkhonde: zonse zilimo, mpaka chindapusa cha sabata yatha. Ndinaitana mnyamata uja, tinasintha disiki, ntchito osaima ngakhale ola limodzi. Amayiwo sanadziwe n'komwe kuti kwachitika kanthu.

Inde, anandikhululukira, ndipo ndine mlembi wawobe. Koma anaika lamulo lawo lomwe sindinatsutse: kope lalikulu lija linatuluka m'kabati, ndipo Loweruka lililonse ndimasindikiza pepala la masheya onse, wapampando n'kusainira, agogo a nyemba n'kulipinda n'kuliika m'chikwama chawo. Akamatuluka amaloza kabokosi kanga ndi ndodo n'kufunsa, “Kakadali moyo aka?” Ndimati kali moyo, agogo. Iwo amati, “Chabwino. Koma pepala langa ndipatse.”